Mu 1836 Dedza ndi Ntcheu anali pati? Yankho kwa wokonza mapu a gemu

Mnyamata wina wa ku Ntcheu, yemwe akuphunzira za makompyuta, wanditumizira imelo yaitali ndithu. Nkhani yake ndi iyi. Amasewera gemu ina ya pa kompyuta yolamulira mayiko, ija mumasankha dziko n'kumamanga mizinda, kuchita malonda ndi kumenya nkhondo pa mapu a dziko lonse lapansi. Gemuyo imayambira m'chaka cha 1836 n'kukathera mu 1936. Atayang'ana kuno kwathu anapeza mayina atatu okha, Blantyre, Lilongwe ndi Fort Johnston, ndipo onse ali pamenepo kuyambira tsiku loyamba. Tsopano akufuna kukonza yekha chigawo chathuchi, zomwe osewera amati mod, ndiye akufunsa kuti: "Kodi mayina amenewa analipo nthawi imeneyo? Nanga ndikafuna kuikapo Dedza, Ntcheu ndi Lizulu, ndiwaike pomwe alili lero?"

Achimwene, zikomo pondikhulupirira ndi funso limeneli. Pa mayina atatuwo palibe ngakhale limodzi lomwe linali dzina la tauni mu 1836. Funso lanu lachiwiri ndi limene lili ndi ntchito yaikulu, ndiye ndifulumira pa loyambali.

Blantyre anayamba mu 1876, amishoni a Church of Scotland atamanga m'dera la mfumu Kapeni n'kutcha malowo dzina la kwawo kwa David Livingstone ku Scotland. Mu 1836 Livingstone anali mnyamata wa zaka 23, asanapondeko n'komwe mu Africa. Fort Johnston ndiye yanyanya: linga limeneli linamangidwa mu 1891, ndipo mwini dzina, Harry Johnston, anabadwa mu 1858. Ndiye kuti mapu anuwo akutchula munthu yemwe kwatsala zaka 22 kuti abadwe. Lilongwe ndiye ali ndi podzikanira pang'ono, chifukwa ndi dzina la mtsinje ndipo mtsinjewo unalipo. Koma boma la pamenepo linakhazikitsidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo likulu linachoka ku Zomba kupita kumeneko mu 1975. Mutha kulisiya ngati dzina la dera, koma osati ngati mzinda.

Tsono musaganize kuti mukangodziwa chaka chomwe dzina linayamba ndiye kuti mwamaliza. Kuno mayina amayenda. Livingstonia anayambira ku Cape Maclear mu 1875. Malungo atawavuta, amishoni anasamukira ku Bandawe mu 1881, kenaka mu 1894 anakwera ku Khondowe, komwe timadziwa lero. Munthu akawerenga kuti Livingstonia analipo mu 1875 n'kukaika kadontho pamwamba pa mapiri a ku Rumphi, chaka wakhoza koma malo waphonya ndi utali woposa theka la nyanja yonse. Fort Johnston nayo inayamba kum'mawa kwa Shire, moyang'anana ndi mudzi wa Mponda, isanasamukire pomwe pali tauni ya Mangochi lero. Ndipo dzina lakuti Mangochi, m'mapepala a nthawi imeneyo, silinkanena tauni ya m'mbali mwa mtsinje ayi. Linali la phiri la kum'mawa komwe kunali linga la mfumu Jalasi, yemwe anagonjetsedwa mu 1895, ndipo atsamunda anamangako linga lawo lotchedwa Fort Mangochi. Mukasakaniza ziwirizi, asilikali anu azikamenyera kudambo nkhondo yomwe inachitikira kuphiri.

Ngati mayina a azungu, omwe analembedwa m'mabuku ndi tsiku lake, ankasuntha chonchi, kuli bwanji a makolo athu? Mudzi unkadziwika ndi mwini wake. Anthu ankapita kwa Mponda, kwa Tambala, kwa Chikuse. Nthaka ikaguga, mfumu ikamwalira, pakabuka mkangano wa ufumu kapena nkhondo ikayandikira, mudzi unkanyamuka, dzina n'kupita nawo, kumbuyo n'kutsala bwinja ndi manda. Chomwe sichinkasuntha ndi phiri, mtsinje, dooko ndi malo a nsembe. Mapu athu a nthawi imeneyo ali ngati bawo: maenje ali pamodzimodzi, nkhomo ndi zomwe zimayenda. Gemu yanuyo, monga magemu ambiri a mtundu umenewu, inapangidwa poganiza kuti mzinda ndi chinthu chokhazikika, chokhala ndi dzina limodzi pa malo amodzi kwa zaka 100. Vuto lanu lenileni lagona pamenepo.

Tiyeni tibwere kwathu kuno.

Dedza ndi dzina la phiri, Ntcheu naye ali ndi phiri lake pamwamba pa boma. Ngati mukutcha zigawo, mayina awiriwa ndi abwino ndipo sindingakuletseni. Koma matauni omwe ali m'munsi mwa mapiriwa ndi maboma, ndipo maboma anabwera ndi atsamunda, 1891 itadutsa. Mukandifunsa kuti kadontho ka mzinda waukulu wa chigawo cha Dedza mu 1836 kakhale pati, ine ndikuti tsikani nako kuchigwa, kufupi ndi Mtakataka, pa Mankhamba. Kumeneko ndi komwe mbiri ya Achewa imaika likulu la Kalonga, pamodzi ndi dzina lina lakuti Manthimba, ngakhale akatswiri amasiyana maganizo pa mmene malo awiriwa ankagawanirana ntchito za ufumu ndi za nsembe. Pa Mankhamba sitikudalira zongomva zokha. Katswiri wofukula zakale, Yusuf Juwayeyi, anakumba pamenepo ndipo anapeza mikanda ya galasi, zidutswa za mbale zochokera ku China, zinthu za mkuwa ndi minyanga ya njovu. Zimenezi sizipezeka pa mudzi wamba. Zikusonyeza malo omwe anali pa njira ya malonda yofika ku nyanja ya mchere kale kwambiri, azungu a ku Britain asanamve n'komwe za dziko lino. Mpwitikizi wina, Gaspar Bocarro, anadutsa m'dziko la Amaravi mu 1616 pa ulendo wake wochokera ku Tete kupita ku Kilwa, ndipo mapu ena akale a ku Ulaya ankalemba nyanja yathuyi kuti Maravi.

Koma apanso chenjerani, musakokomeze. Pofika 1836 mphamvu za Kalonga zinali zitachepa kwambiri. Undi anali ndi ufumu wake kumadzulo, likulu lake ku Mano, komwe lero ndi ku Mozambique, osati ku Mkaika ku Zambia komwe timapita ku Kulamba masiku ano. Lundu anali ndi wake kumunsi kwa Shire. Mafumu ang'onoang'ono ambiri ankadzilamulira okha. Kalonga womaliza wa ku Mankhamba, Sosola, anaphedwa m'zaka za m'ma 1860 pa nkhondo ndi Ayao. Choncho Mankhamba wa mu gemu yanu akhale likulu lolemekezeka koma lofooka, lomwe wosewera angathe kulidzutsa kapena kulitaya. Ndipo musaiwale Msinja, m'munsi mwa Dzalanyama, komwe kunali kachisi wa Makewana. Kunalibe asilikali ambiri kumeneko, koma mafumu ankatumizako mitulo popempha mvula. Ngati gemuyo ili ndi chizindikiro cha malo opatulika, pamenepo ndi pake.

Nkhani ya Lizulu ndi imene ndikudziwa kuti ikupwetekani pang'ono, popeza ndinu wa ku Ntcheu. Mu 1836 kunalibe Angoni ku Ntcheu. Gulu la Zwangendaba linali litangowoloka Zambezi mu November 1835, tsiku lomwe kadamsana anadetsa dzuwa, ndipo linalowera kumpoto. Amaseko, omwe ndi makolo a Angoni a Gomani, anawoloka paokha panjira ina. Anakhalako kuno kwakanthawi, kenaka motsogozedwa ndi Mputa anapitirira mpaka ku Songea m'dziko lomwe lero ndi Tanzania. Atagonja kumeneko anabwerera ndi Chidyaonga, ndipo cha m'ma 1870 anakhazikika mozungulira phiri la Domwe. Phiri limenelo lero lili ku Angonia, m'dziko la Mozambique. Ndiye kuti pakati pa ufumu wa Chikuse, mfumu ya Amasekowa, yemwe asilikali ake anawoloka Shire mu 1884 n'kukafika mpaka kudera la Blantyre, panali kutsidya kwa malire a lero. Lizulu yemwe timamudziwa ngati likulu la Inkosi ya Makhosi Gomani ndi wa nyengo ya pambuyo pake. Mukamuika pa mapu a 1836 mwalakwira Achewa omwe ankalima pamenepo, ndipo mwalakwiranso Angoni eni ake, chifukwa mwafufuta ulendo wawo wa zaka zambiri womwe ndi mutu wa mbiri yawo.

Chikuse anamwalira mu 1891, ndipo ufumu unagawanika pakati pa mwana wake Gomani ndi banja la Chifisi, mwana wa Chidyaonga. Nkhondo ya pachiweniweni imeneyo ndi yomwe inatsitsira Kachindamoto, wa m'banja la Chifisi, ku Mtakataka. Taonani zimene zachitika apa: chigwa chomwecho chomwe chinali cha Kalonga chakhala likulu la mfumu ya Chingoni, zaka 30 zokha zitadutsa. Gomani woyamba anaphedwa ndi atsamunda mu October 1896. Zonsezi zikugwa mkati mwa zaka za gemu yanu, ndipo chilichonse chikusintha dzina lomwe liyenera kuoneka pa mapu.

Malire ndiye musawajambule n'komwe poyamba. Mzere womwe umatigawa ndi Mozambique unachokera pa pangano la Britain ndi Portugal la mu June 1891, lomwe kudera lathu lino linatsata msana wa mapiri, pomwe madzi amagawanikira, ena kupita ku nyanja ndi ku Shire, ena ku Zambezi. N'chifukwa chake msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu umayenda m'malire enieni, mbali iyi Malawi, mbali iyo Mozambique, ndipo pa msika wa Lizulu wogula ndi wogulitsa amatha kukhala mayiko awiri koma apachibale. Okonza magemu amakonda kudula zigawo motsata malire a lero kuti atsamunda akadzafika mapu aoneke monga momwe tawazolowera. Ndikumvetsa chifukwa chake. Koma zotsatira zake n'zakuti Domwe ndi Ntcheu amagwera m'zigawo ziwiri zosiyana kuyambira 1836, pamene anali bwalo limodzi. Ngati mungathe, pangani tizigawo ting'onoting'ono tingapo m'mbali zonse ziwiri, tomwe ufumu umodzi ungathe kutigwira tonse pamodzi, kenaka pangano n'kudzatilekanitsa.

Pali chinanso chomwe mapu afulati amabisa, ndipo aliyense amene anatsikapo pa Khwekhwerere kupita ku Golomoti akuchidziwa. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, nsonga ya phiri ili pafupifupi 2,200, pamene nyanja ili pansi pa mamita 500. Pa pepala Dedza ndi Mtakataka ndi oyandikana, koma pakati pawo pali chiphedi choposa mamita 1,000. Kumtunda kumazizira ndipo ng'ombe zimakhala bwino, n'chifukwa chake Angoni anakukonda. Kumunsi kumatentha, kuli nsomba, thonje ndi njira ya apaulendo a malonda. Mukalola kuti gulu la nkhondo lizitsika ndi kukwera pamenepo ngati pabwalo la mpira, malo a matauni anu adzakhala olondola koma gemuyo idzanama. Mapiri ankakhalanso pothawira. Nkhondo za Angoni zitakula, Achewa ambiri anasiya midzi ya kudambo n'kukabisala m'mapiri ndi m'mapanga, ena m'dera la Chongoni, komwe kuli malo 127 a zojambula za pa miyala omwe UNESCO inawazindikira mu 2006. Ena anamanga malinga. Ndiye mudzi womwe unali m'mbali mwa Linthipe m'chaka china, zaka zingapo pambuyo pake ukhoza kupezeka pamwamba pa phiri, dzina lomwelo.

Nyanja nayo simakhala pamodzi. Kuyambira cha mu 1915 mpaka cha mu 1935 madzi anatsika kwambiri moti Shire anasiya kutuluka bwino m'nyanja, ndipo sitima zomwe zinkayenda mu mtsinjewo zinalephera kudutsa. Gombe lomwe mukuliona pa chithunzi cha satellite lero silo lomwe linalipo zaka zonsezo. Pa madoko kumbukiraninso kuti njanji yochokera ku Blantyre inafika ku Salima mu 1935, kutatsala chaka chimodzi kuti gemu yanu ithe. Salima, Balaka ndi doko la Chipoka anakula chifukwa cha njanji imeneyo, monga momwe malo ambiri a malonda a m'mbali mwa M1 anakulira chifukwa cha msewu. Madoko a m'zaka za m'ma 1800 ndi ena: Nkhotakota, komwe Jumbe anakhazikika m'ma 1840, kwa Makanjira kutsidya, ndi kwa Mponda pomwe Shire amatulukira. Kumeneko ndi komwe kunkadutsa minyanga ndi akapolo, nsalu, mikanda ndi mfuti n'kumalowa.

Mwina wina anena kuti zonsezi ndi kuvutikira gemu chabe. Dziko lathu ndi laling'ono, masikweya kilomita 118,000, ndipo pa mapu a dziko lapansi limangopatsidwa mayina awiri kapena atatu. Wokonzayo amatsegula mapu a lero n'kutola mayina omwe alembedwa ndi zilembo zikuluzikulu. Sindikuti anachita dala. Koma ine zimandikhudza, chifukwa ana ambiri masiku ano amathera maola ochuluka pa mapu otere kuposa pa buku la mbiri. Mwana akaona dziko lopanda kanthu, lokhala ndi mayina awiri a Chingerezi ndi likulu la mu 1975, amaphunzira mosadziwa kuti kuno kunalibe chilichonse mpaka mlendo atafika. Chonsecho Livingstone mwini wake, atachoka kwa Mponda mu 1866 n'kukwera mapiri athuwa, omwe anawatcha Kirk Range polemekeza mnzake John Kirk, analemba za midzi yambiri yotchingidwa ndi mipanda ya nkhadze, minda yolimidwa bwino ndi ng'anjo zosungunulira chitsulo. Anthu analipo, ndipo malo onse anali ndi mayina.

Nanga muchite bwanji? Dzina loyambira la chigawo chilichonse litengeni pa chinthu chosasuntha. Kumtunda muli ndi Dedza, Chongoni, Domwe, Chirobwe, Ntcheu. Mitsinje muli ndi Linthipe, Diamphwe, Livulezi, Bwanje, Rivirivi. Pomwe pali Blantyre lembani Ndirande, Soche kapena Michiru. Musalembe Kapeni pa 1836, chifukwa Ayao anafika ochuluka kumeneko cha m'ma 1850 ndi 1860, ndipo iwo asanafike kunali Amang'anja. Chimodzimodzi Tambala ku Dedza ndi mafumu a Chikololo a kumunsi kwa Shire, omwe anabwera ndi Livingstone n'kutsalira.

Kenaka mayina a midzi ndi matauni azibwera pamwamba pa amenewo. M'magemu ambiri otere mayina amasungidwa mu fayilo yapayokha, ndipo mutha kulemba lamulo lakuti dzina lisinthe chinthu china chikachitika. Apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse bwino. Musamangirire dzina ku chaka, limangirireni ku chochitika. Gemu ikangoyamba, mbiri imapatuka, chifukwa wosewera amachita zake. Ngati iye wasankha Kalonga, wagonjetsa adani ake ndipo sanalole amishoni kumanga, ndiye kuti 1876 ikakwana pasatulukire Blantyre. Ngati Amaseko apambana ku Songea n'kukhazikika konko, Lizulu asaoneke ku Ntcheu. Fort Johnston aoneke pokhapokha Britain atatenga dera la Mponda n'kumangapo linga. Mukatero, dzina lililonse pa mapu likhala ndi chifukwa chake, ndipo wosewera akaona likusintha adzafuna kudziwa chomwe chachitika.

Pa nyengo ya atsamunda zinthu ndi zosavuta chifukwa zaka zinalembedwa. Dziko linakhala pansi pa Britain mu 1891, linatchedwa British Central Africa Protectorate mu 1893, kenaka Nyasaland mu 1907. Mamishoni a kuno ali ndi zaka zawo: Mvera 1889, Nkhoma 1896, Nzama ku Ntcheu 1901, Mua 1902. Mukamafufuza m'mapepala akale muzikumbukira kalembedwe kawo, apo ayi simupeza kanthu: Ncheu, Kota Kota, Cholo, Mlanje, ndiponso Port Herald yemwe ndi Nsanje, Fort Manning yemwe ndi Mchinji, Fort Hill yemwe ndi Chitipa. Ine ndikanakhala inu, kalembedwe ka atsamunda ndikanakagwiritsa ntchito pokhapokha chigawocho chili m'manja mwawo. Sharpevale wa ku Bwanje, yemwe anatengera dzina la bwanamkubwa Alfred Sharpe, ndi chitsanzo cha dzina lomwe liyenera kudikira nthawi yake.

Pa malo enieni a midzi yakale, intaneti yokha sikukwanirani. Ku National Archives ku Zomba kuli mabuku omwe ma DC ankalembamo za mafumu ndi midzi ya m'maboma awo. Ku Mandala House ku Blantyre kuli laibulale ya Society of Malawi yokhala ndi mapu ndi zithunzi zakale. Pafupi nanu pali Kungoni ku Mua, komwe nyumba yosungiramo zakale ya Chamare imafotokoza za Achewa, Angoni ndi Ayao, ndipo kuchoka pamenepo Mankhamba sikutali. Ndiponso pitani ku Umhlangano kwa Nkolimbo mukakhale pansi ndi akuluakulu. Powafunsa musamati mudzi wakutiwakuti unali pati, chifukwa adzakulozerani pomwe uli lero. Afunseni komwe kuli manda a mafumu oyamba, komwe kuli mabwinja, ndi mtsinje womwe agogo awo ankatungako madzi. Mudzamva nkhani zosiyana kwa Mchewa, Mngoni ndi Myao za malo amodzimodzi. Zilembeni zonse, ndi dzina la mudzi womwe mwazimva, musafulumire kusankha imodzi. Pomwe zasemphana, ikani kadontho pa phiri kapena mtsinje womwe onse akugwirizana.

Yambani ndi chigwa cha Bwanje ndi Mtakataka, chifukwa ndi pomwe mayina asintha kwambiri m'zaka 100 zimenezo, ndipo mukapatha pamenepo kwina konse kudzakupepukirani. Mukamaliza munditumizire chithunzi, achimwene, ndione pomwe mwaika Mankhamba ndi mmene mwadulira Domwe.